Zimene Haiti ndi Aceh Anaona pa Nkhani Yotenga Ana Amasiye

Chivomerezi chitagumula Port-au-Prince, likulu la Haiti, pa 12 January 2010, mabanja ambiri ku America ndi ku Ulaya anathamangira kufunsa za ana oti akawalere.

Pa 29 January apolisi anaimitsa basi pamalire a Haiti ndi Dominican Republic. M'basimo munali ana 33 ndi amishonale 10 a Baptist, ambiri ochokera ku Idaho, mtsogoleri wawo Laura Silsby. Zikalata zotulutsira anawo analibe. Pofufuza zinadziwika kuti ambiri mwa "amasiyewo" makolo awo anali moyo, ndipo anapereka ana atalonjezedwa sukulu. Silsby anakhala m'chitokosi mpaka mwezi wa May.

Dziko la Indonesia linali litawona kale ngozi imeneyi. Tsunami ya 2004 itasesa Aceh, boma linaletsa kutulutsa ana m'chigawocho, poti mwana wopezeka yekha pamsasa mwina mayi ake ali gone kuchipatala, malume akumusaka.

Pangano la ku Hague la 1993, lokhudza kutenga ana kukawalera kunja, limafunanso zomwezo: kuyamba kufunafuna banja m'dziko la mwanayo. Komabe boma la America linalowetsa mwachangu m'dziko lake ana a ku Haiti oposa 1,000, makamaka amene nkhani zowatenga zinayambika chivomerezi chisanachitike.