Michael Mietke, Mmisiri wa Malimba a ku Berlin

Mwana wa sukulu ku Kafue adziwa kalimba, adziwanso kankobela wa Atonga. Koma akafunsidwa dzina la mmisiri amene anasema coimbiraco, kawirikawiri angoti cete. Nyimbo imakhala, woimba amachuka, koma wosema aiwalika. Ngakhale ku Ulaya zinacitika zotere, monga mbiri ya Michael Mietke ionetsa.

Mietke anali Mjeremani wa mumzinda wa Berlin, ndipo nchito yace inali kupanga harpsichord. Ili ndi limba la nsambo zacitsulo. Woimba akatsindika kiyi, kamtengo kokhala ndi kanthenga kamakwera nikakodola nsambo, monga cala cicitira pa bangwe. Cifukwa cace mau ace ngakuthwa, ndipo sakula kwambiri ngakhale munthu atsindike ndi mphamvu. Piyano, amene amenya nsambo ndi tinyundo, atha kulira mokweza kapena motsitsa, ndipo ndiye analanda malo a harpsichord pakutha pa zaka za m'ma 1700.

M'caka ca 1707 Mietke anaikidwa mmisiri wa malimba wa ku bwalo la Friedrich I, mfumu ya Prussia, m'malo mwa Christoph Werner. Mbiri yace inabuka kufikira ku Köthen, kumene Johann Sebastian Bach anali mkulu wa zoimba wa kalonga Leopold. Kalongayo anaitanitsa limba lalikuru la mizere iwiri ya makiyi, ndipo Bach mwini anapita ku Berlin cifukwa ca limbalo. Buku la cuma la ku Köthen lionetsa kuti m'mwezi wa March 1719 Bach anapatsidwa ndalama 130 za thaler, za limba ndi za ulendo pamodzi. M'caka comweco Mietke anamwalira.

Zaka ziwiri zitapita, mu 1721, Bach anapereka nyimbo zisanu ndi imodzi kwa Christian Ludwig, mfumu yaing'ono ya Brandenburg, imene inkakhala ku Berlin. Ndizo Brandenburg Concertos. M'nyimbo yacisanu zoimbira zina zonse zimaleka, harpsichord nalira yekha nthawi yaitali; ndipo akatswiri ambiri aganiza kuti Bach anailemba pofuna kuonetsa ukoma wa limba latsopanolo. Koma limba la ku Köthen linatayika. Powerenga katundu wa kunyumba ya kalonga mu 1784, mlembi analichula pamodzi ndi dzina la Mietke, nanena kuti linali loonongeka.

Malimba ace otsala ndi atatu okha. Awiri ali m'nyumba yacifumu ya Charlottenburg ku Berlin: loyera la mzere umodzi, limene lichulidwa pamodzi ndi mfumukazi Sophie Charlotte (anamwalira mu 1705), ndi lakuda la mizere iwiri. Onse awiri ngopakidwa utoto wonyezimira ndi zithunzi zotsanzira za ku China, zimene akatswiri ati nza Gerard Dagly, mmisiri wa utoto wa mfumu. Nyumbayo inapsa ndi mabomba mu 1943, koma malimbawo anapulumuka.

Bvuto linali lakuti pa awiriwa panalibe dzina looneka la wopanga. Mu 1985 Sheridan Germann analemba zifukwa zosonyeza kuti ndi a Mietke. Pambuyo pace limba lacitatu linadziwika ku Hudiksvall m'dziko la Sweden, la mzere umodzi, lokhala ndi dzina la Mietke ndi caka ca 1710. Tsono panapezeka colinganizira nchito ya manja ace, ndipo lero amisiri a maiko ambiri atsanzira malimba amenewa pofuna kumva Bach monga anamvekera pa masiku ace.

Cimene cinasunga dzina la Mietke ndi timizere towerengeka: m'buku la cuma, m'mndandanda wa katundu, ndi pathabwa la limba limodzi. Nchito yotere siimlaka mphunzitsi wa kumudzi. Nyumba yosungira zakale ya ku Livingstone, imene inayamba mu 1934, isunga zoimbira za mitundu ya dziko lino. Koma nkhalamba yosema ng'oma kapena kalimba iri pafupi ndi sukulu, ndipo ikali ndi moyo. Mphunzitsi akatuma ana kukafunsa dzina lace, mudzi wace, amene anaiphunzitsa, mtengo umene isankha ndi m'mene ikonzera mau, nalemba zonsezi m'kope pamodzi ndi caka, adzakhala atasungira adzukulu cimene ciswe sicingadye pamodzi ndi ng'omayo.