Injini ikamalira yokha: mawu a pagalaja ofunika kuwamvetsa

Magalimoto ambiri amene amakwera ndi kutsika m'misewu ya ku Chimwankhunda, Zingwangwa ndi Chilobwe anafika kuno atagwira kale ntchito zaka zingapo ku Japan. Ena anatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ena anadzera ku Durban. Ndiwo ma Corolla, ma Vitz, ma Probox ndi ma Sienta amene akudyetsa mabanja ndi kutengera ana kusukulu. Akamakalamba, dandaulo limodzi limamveka kawirikawiri pagalaja: "Amakaniko, galimotoyi ikulira yokha ndisanaponde moto, tayitsitsani idling." Pempholi ndi la nthawi ya kabuleta, pamene sikulu imodzi inkatha nkhani yonse. Injini ya ma injector ili ndi mawu ake ndi nzeru zake, ndipo mwini galimoto wosawadziwa amalipira kawiri: kwa makaniko, kenako pa filing'i siteshoni.

Tiyambe ndi idling yomweyo. Uku n'kuzungulira kwa injini galimoto ili chiimire, phazi lisali pa accelerator. Timakuyeza ndi ma rev, kutanthauza maulendo amene injini yazungulira pa mphindi imodzi. Injini ya petulo ya galimoto yaing'ono ikatentha bwino imakhazikika pakati pa 650 ndi 850. M'mawa wa June kapena July, chiperoni chitakuta phiri la Soche, muvi wa padashibodi ukhoza kuyambira pa 1,200 kapena 1,500, ndipo palibe cholakwika. Kompyuta ya injini imachita dala zimenezo kuti injini ifunde msanga. Mukayatsa AC kapena kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ma rev amakweranso pang'ono pothandiza injini kusenza katundu woonjezerayo. Vuto ndi pamene mwachoka ku Chimwankhunda mpaka ku Limbe, injini yatentha, koma muvi ukadali pamwamba pa 1,000. Choncho funso loyamba la makaniko wodziwa ntchito ndi lakuti: "Kodi imatero ikazizira, ikatentha, kapena nthawi zonse?"

Mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi ndi mpweya. Ambiri timaganiza kuti injini ikathamanga ndiye kuti mafuta achuluka, koma chimene chimalamula liwiro la injini ya petulo ndi mpweya wolowa. Zili ngati mbaula: makala ndi omwewo, koma mukapemerera moto umakula. Kuti petulo apse bwino pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, ndipo ntchito ya kompyuta bokosi, imene mabuku amaitcha ECU, ndi kuyeza mpweya n'kutsegula ma injector molingana ndi muyeso umenewo. Nzeruyi si yatsopano. Kampani ya Bosch inaiika m'galimoto za Volkswagen mu 1967. Petulo akachuluka yekha popanda mpweya, injini imatsamwa ndi kutulutsa utsi wakuda, siikwera ma rev. Ma rev akakwera, pali mpweya umene ukulowa, ndipo ntchito yonse ya makaniko ndi kupeza pamene ukudzera.

Khomo lalikulu la mpweya ndi throttle body, chitsulo chonga payipi chokhala ndi kachitseko kozungulira m'kati. Mukaponda moto, kebulo imakoka kachitsekoko. Mukachotsa phazi, kayenera kubwerera n'kutseka pafupifupi kotheratu. Kebulo yomangidwa mokoka kwambiri, kapeti yopindikira pa accelerator, kapena mwaye wamafuta wosakanikirana ndi fumbi la m'misewu yathu ya dothi, zonsezi zimasiya kachitseko kali pululu pang'ono. Pambali pake pali kasikulu koimitsira kachitsekoko, kamene nthawi zambiri kamakhala ndi kadontho ka penti kochokera kufakitale. Kameneka si kotsitsira idling. Wokatembenuza amabisa matenda n'kuyambitsa ena, chifukwa sensa yoona malo a kachitseko, yotchedwa TPS, imayamba kuuza kompyuta zabodza.

Khomo lachiwiri ndi idle valve, imene ena amaitchula ndi zilembo zakuti IAC kapena ISC. Kachitseko kakatseka, mpweya umalambalala kudzera m'kanjira kakang'ono, ndipo valavuyi ndi imene imakulitsa kapena kuchepetsa kanjirako molamulidwa ndi kompyuta. Ikamatirira ili yotsegula chifukwa cha mwaye, ma rev satsika. Nthawi zambiri imangofuna kumasulidwa ndi kutsukidwa, osati kugulidwa yatsopano.

Khomo lachitatu silinapangidwe ndi fakitale. Ndilo limene amakaniko amati vacuum leak, kapena kungoti injini ikuyamwa mpweya pambali. Kuseri kwa kachitseko kuja injini imakoka mwamphamvu, moti kang'alu kalikonse kamalowetsa mpweya. Timapayipi ta labala ta galimoto ya zaka 20 timauma n'kung'aluka. Payipi yopita ku busita ya mabuleki, payipi ya PCV yochokera pachivundikiro cha injini, ndi gasiketi ya manifold ndiwo malo oyamba kukayikira. Khutu limathandiza, pakuti pamamveka kamluzu. Kufinya kapayipi kamodzikamodzi ndi pulayala kumathandizanso: ma rev akatsika, mwapeza pamene pakudontha. Ena amapopera mankhwala otsukira kabuleta n'kumvetsera kusintha kwa kalilidwe, koma mankhwalawa amayaka, ndiye asayandikire ekizozi yotentha kapena mawaya a mapulagi.

Apa mpofunika kusiyanitsa masensa awiri amene amasokonezedwa kawirikawiri, MAP ndi MAF. Injini zakale za Toyota monga 4A-FE, 5A-FE ndi 7A-FE za m'ma Corolla ndi ma Carina a m'ma 1990 zimagwiritsa ntchito MAP, sensa yoyeza mphamvu ya mpweya m'kati mwa manifold. Mpweya wolowera pambali nawo umayezedwa, kompyuta n'kuonjezera petulo, ndipo injini imathamanga mosalala koma mokwera. Injini ya 1NZ-FE ya mu Probox ndi Sienta ili ndi MAF, sensa yokhala pafupi ndi sefa ya mpweya, yowerenga mpweya wokhawo wodzera pakhomo loyenera. Wolowera pambali siiuona, choncho petulo amachepa, injini n'kumanjenjemera kapena kukwera ndi kutsika. Kung'aluka kwake n'kumodzi, koma zizindikiro zimasiyana malinga ndi mtundu wa injini.

Kukwera ndi kutsika kumeneku amakaniko amati hunting, ndipo kuli ndi chifukwa chake. TPS imauza kompyuta kuti phazi palibe, koma ma rev akukwerabe. Kompyuta imaganiza kuti galimoto ikutsetsereka, imadula petulo, ma rev amagwa, imabwezanso petulo, amakweranso. Kompyuta siinafe, ikuchita zimene inalamulidwa.

Tsopano tifike pa chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, kuchotsa thermostat. Galimoto ikangotentha kamodzi, pamapezeka wina wonena kuti kachipangizoka n'ka mayiko a chisanu, kuno sikafunika. Thermostat ndi valavu yotsekera madzi m'injini mpaka atafika pafupifupi madigiri 80, kenako n'kuwalola kupita ku rediyeta. Ikachotsedwa, madzi amachedwa kutentha, mwina osafika n'komwe pamuyeso wake. Sensa ya kutentha kwa madzi imauza kompyuta kuti injini ikadali yozizira, kompyuta n'kusiya idle valve yotsegula ndi kuonjezera petulo tsiku lonse. Sensayo payokha nayo imafa, ndipo kuyiyeza n'kosavuta ndi mita ya magetsi: ya Toyota imaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000 madzi ali pa madigiri 20, n'kutsika kufika pa 200 mpaka 400 ali pa madigiri 80. Pa magalimoto ambiri akale masensa a madzi alipo awiri, ina ya muvi wa padashibodi, ina ya kompyuta, choncho muvi ukhoza kuonetsa bwino kompyuta ikunamizidwa. Madzi ochepa m'rediyeta amabweretsanso vuto lomweli.

Mawu otsiriza ndi khodi. Masiku ano aliyense amati "tiyiike pa kompyuta." Magalimoto a m'zaka za m'ma 2000 ali ndi soketi ya mapini 16 pansi pa chiwongolero, ndipo makina akalumikizidwa amaonetsa manambala: P0507 ndi idling yokwera kuposa muyeso, P0171 ndi petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, P0115 ndi vuto la sensa ya madzi. Toyota zakale zili ndi kabokosi ka diagnosis m'boneti. Mukalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, nyali ya check engine imaphethira nambala, monga 22 ya sensa ya madzi kapena 41 ya TPS. Koma khodi imangoloza dera, siitchula chipangizo chofunika kugula. Waya woduka ndi sensa yakufa zimapereka nambala imodzi. Magalimoto ena atsopanoko alibe kebulo kapena idle valve. Kachitseko kamayendetsedwa ndi kamota. Mukatsuka throttle body yotere, makamaka ya Nissan, kompyuta iyenera kuphunzitsidwanso idling, apo ayi ma rev amakhala okwera ngakhale zonse zili bwino.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makaniko wabwino, kaya anaphunzira ku koleji ya ntchito zamanja kapena pansi pa mtengo kwa bwana wake, amayamba ndi zosafuna ndalama: kutenthetsa injini, kuona madzi ndi thermostat, kuona kebulo ndi kachitseko, kusaka mpweya wa pambali, kutsuka idle valve, kenako kuyeza masensa. Kupita ku Limbe kapena ku Ndirande kukagula sipeya kumabwera pamapeto.

Idling yokwera si phokoso chabe. Pamzere wa magalimoto mumsewu wa Masauko Chipembere imamwa petulo amene mwina munamupeza mutagona pa filing'i siteshoni. Pa galimoto ya otomatiki imagwedeza giya bokosi mukalowetsa D, imakankha galimoto mwaima, n'kumadya mabuleki. Eni magalimoto, mukapita kugalaja fotokozani nambala ya ma rev ndi nthawi imene vuto limayamba, funsani ngati thermostat ilimo, ndipo musalole munthu kutembenuza kasikulu ka penti kapena kukugulitsani kompyuta bokosi asanakuonetseni pamene mpweya ukulowera.