Ngolo yogonamo ya fifth-wheel: zoti wogula koyamba adziwe

Ku United States ndi Canada, fifth-wheel ndi ngolo yogonamo yokokedwa ndi pikiapu. Chokolera chake chimamangidwa m'bodi, pamwamba pa matayala akumbuyo, monga momwe mathiraki akuluakulu amakolera ngolo zawo. Zambiri zimapangidwa m'dera la Elkhart ku Indiana.

Ogula koyamba amathamangira kufunsa mphamvu yokokera, n'kuiwala kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa ngoloyo limatsamira pa pikiapuyo. Malire a zomwe galimoto ingasenze amalembedwa pachomata cha pakhomo la dalaivala, ndipo anthu, chokolera ndi katundu zonse zimawerengedwa. Mukapyola malirewo, matayala ndi mabuleki zimalephera msanga.

Yezaninso msinkhu wa ngoloyo musananyamuke. Zina zimafika mamita 4, pomwe milatho ina ndi yotsika.