Batire la kamera ya rangefinder: limakhala nthawi yaitali bwanji pa nchito ya tsiku ndi tsiku?

Wojambula zithunzi amene wanyamuka ku Lusaka kutsata msewu wa Great East, napitirira tauni ya Chongwe kulowera kwa Mfumu Bundabunda, ayenera kuyankha funso limodzi asanacoke pakhomo: kodi batire la kamera lidzafika madzulo? Pa mwambo wa Asoli wa Chibwela Kumushi, pa ukwati, kapena pa tsiku lopereka mphoto kwa ana a sukulu, zocitika sizidikira munthu amene kamera yamuzimira. Mfumu ikadutsa, yadutsa. Ndipo m'midzi yambiri ya kumeneko malo ochajira ali kutali.

Nkhani ino ikufotokoza za makamera a mtundu wa rangefinder. Makamera amenewa ndi odula kwambiri ndipo si ambiri m'Zambia muno. Komabe ndi abwino kuphunzirirapo, cifukwa zambiri za m'kati mwake siziyendera magetsi, motero n'kosavuta kuona kumene moto wa batire umapita. Zimene omvera aphunzire pano zigwiranso nchito pa makamera a Canon ndi Nikon amene ojambula athu ambiri ali nao, ngakhalenso pa foni ya m'manja.

Kodi rangefinder n'ciani?

Kamera ya rangefinder ili ndi timazenera tiwiri kutsogolo kwake. Wojambula akasuzumira pa kazenera ka kumbuyo, amaona pakati pake cinthu cimodzi cikuoneka pawiri. Akamapotokola lenzi ndi dzanja, zithunzi ziwirizo zimasendererana kufikira zitakhala cimodzi, ndipo pamenepo ndiye kuti kamera yapeza mtunda woyenera. Zonsezi zimacitika ndi timagalasi ndi tizitsulo. Palibe injini yoyendetsa lenzi, ndipo kabowo kolowetsa kuwala nakonso kamasinthidwa ndi dzanja.

M'masiku a filimu, kamera yotere inali kugwira nchito popanda batire. Leica M3 ya mu 1954 inalibe batire konse, cimodzimodzinso makamera a Zorki ndi FED a ku Soviet Union. Leica M6 ya mu 1984 inali kufuna batire pa kacipangizo kopimira kuwala kokha. Batire likatha, kamera inali kujambulabe.

Zinthu zinasintha pamene filimu inalowedwa m'malo ndi sensa, kambale kakang'ono ka magetsi kamene kamalandira cithunzi. Kamera yoyamba ya rangefinder yopanda filimu inali Epson R-D1 ya ku Japan, imene inatuluka mu 2004. Kampani ya Leica ya ku Germany inatsatira ndi M8 mu 2006, M9 mu 2009, M Typ 240 imene inalengezedwa mu 2012, M10 mu 2017 ndi M11 mu 2022. Pamene M11 inatuluka, mtengo wake ku America unali madola 8,995 popanda lenzi. Onsewa batire likatha sajambula ngakhale cithunzi cimodzi.

Kuwerenga zolembedwa pa batire

Mabatire a makamera amenewa ndi a mtundu wa lithium-ion, monga a m'mafoni. Pa batire lililonse pamalembedwa manambala awiri: mavoliti ndi mAh. Anthu ambiri amangoyang'ana mAh, koma nambala imeneyi payokha imasoceretsa. Kuti mudziwe moto weniweni, culukitsani mavoliti ndi mAh, ndipo gawani ndi 1,000. Yankho lake limachedwa Wh.

Batire la M8 ndi M9 lili ndi mavoliti 3.7 ndi mAh pafupifupi 1,900, kutanthauza Wh pafupifupi 7. La M10 lili ndi mavoliti 7.4 ndi mAh 1,100, kutanthauza Wh 8 ndi pang'ono. La M Typ 240 ndi la M11, ngakhale ndi osiyana kapangidwe, onse ali ndi mavoliti 7.4 ndi mAh 1,800, kutanthauza Wh 13 ndi pang'ono. Onani kuti batire la M9 limaoneka lalikulu koposa onse pa mAh, pamene ndilo locepa koposa pa moto. Onaninso kuti foni wamba ya mAh 5,000 imasunga Wh pafupifupi 19, kuposa batire lililonse la makamera odulawa.

M10 inapangidwa yopyapyala kuti ifanane ndi makamera akale a filimu, ndipo cifukwa ca ici batire lake linacepa poyerekeza ndi la kamera imene inalipo poyamba. Ili linali limodzi la madandaulo odziwika a eni ake, ndipo pa M11 kampaniyo inakulitsanso batire.

Nambala ya pa bokosi

Makampani ambiri amalengeza kuculuka kwa zithunzi zimene batire limodzi lingajambule potsata muyezo wa bungwe la ku Japan lochedwa CIPA. Pa muyezo umenewu, kamera imajambula cithunzi cimodzi pa masekondi 30 alionse, imazimitsidwa pambuyo pa zithunzi 10 zilizonse, ndipo zonse zimacitikira m'cipinda cosatentha ndi cosazizira, ca madigiri pafupifupi 23.

Pa muyezo wa CIPA, M10 imapereka zithunzi pafupifupi 210, ndipo M11 pafupifupi 700. Kampani ya Leica imanenanso kuti pa kajambulidwe kena kosamala moto, M11 ingafike zithunzi pafupifupi 1,700. Poyerekeza, Canon EOS 2000D imalembedwa zithunzi pafupifupi 500, ndipo Nikon D3500 zithunzi 1,550.

Cofunika kumvetsa ndi cakuti muyezo umenewu kwenikweni umapima nthawi. Zithunzi 210, cimodzi pa masekondi 30 alionse, ndi mphindi 105 za kamera yoyaka, kucepera maola awiri. Zithunzi 700 ndi maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Kudina batani lojambulira kumadya moto wocepa kwambiri. Wambiri umatha pamene kamera yayaka ndipo ikudikira. N'cifukwa cake wojambula amene akutenga zithunzi za gule motsatizana angapitirire kutali nambala ya pa bokosi, pamene mnzake amene wakhala m'mawa wonse kamera ili ciyakire, kudikira mlendo wolemekezeka, angapeze batire latha asanafike zithunzi 100. Tsono funso loyenera kufunsa si lakuti "zithunzi zingati?" koma lakuti "kamera idzakhala yoyaka maola angati?"

Zimene zimadya moto

Coyamba ndi sikirini ya kumbuyo. Cizolowezi coyang'ana cithunzi ciliconse cikangojambulidwa, ndiponso kuonetsa anthu onse a m'cithunzico mmodzimmodzi, cimatha batire msanga. Kumudzi ici n'covuta kukana, pakuti ana ndi akulu omwe amafuna kudziona. Ndi bwino kulonjeza kuti mudzaonetsa mwambo ukatha.

Caciwiri ndi Live View, njira yojambula mukuyang'ana pa sikirini m'malo mwa kazenera. M8 ndi M9 zinalibe njira imeneyi. Inayamba ndi M Typ 240. Pamenepa sensa ndi sikirini zonse zimayaka nthawi imodzi. Kacipangizo kosuzumirapo ka magetsi kochedwa Visoflex, kamene kamalumikizidwa pamwamba pa kamera, kamadyanso moto mofananamo.

Cacitatu ndi kulumikiza kamera ku foni kudzera pa Wi-Fi kuti mutumize zithunzi. Mukatha kutumiza, zimitsani.

Cacinai ndi nthawi imene kamera imadikira isanagone yokha. Makamera onsewa amalola mwini wake kusankha nthawiyi. Kusankha mphindi ziwiri m'malo mwa khumi kumapulumutsa moto wambiri pa tsiku lathunthu, ngakhale kuti kamera yogona imatenga kamphindi kuti idzuke.

Pali kusiyana kwinanso pakati pa makamerawa. Kuyambira pa M8 kufika pa M10, pojambula ndi kazenera, kuwala kumapimidwa ndi kacipangizo kakang'ono kosadya moto wambiri. Pa M11 kumapimidwa ndi sensa yeniyeniyo, motero sensa imagwira nchito nthawi yonse imene kamera yayaka. Mwini wa M11 apindula kwambiri akazolowera kuizimitsa pamene sakujambula. Leica inapanganso makamera opanda sikirini konse, monga M-D mu 2016 ndi M10-D mu 2018.

Dzuwa, cisanu ndi ukalamba

Batire la lithium-ion limadana ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala, pamene kumacitika mwambo wa Chakwela Makumbi kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ku Chongwe, ndi nyengo yotentha kwambiri m'cigawo ca Lusaka. Batire losiyidwa m'galimoto yotseka mawindo, kapena pansi pa malata masana, limaonongeka pang'onopang'ono, ndipo moto umene lataya mwa njira imeneyi subwereranso. Musachaje batire likali lotentha. Liyambe lazizira pa mthunzi.

Cisanu ca mu Juni ndi Julayi cimacita zosiyana. M'mamawa batire lingaonetse ngati latsala pang'ono kutha, koma likafunda limabwerera mwakale. Batire lapadera muzilisunga m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi.

Batire limakalambanso. Likachajidwa nthawi mazana angapo limayamba kusunga moto wocepa, ndipo ngakhale losagwiritsidwa nchito limafooka ndi zaka. Ici n'cofunika kwa wogula kamera yakale: M9 inatuluka mu 2009, motero batire limene inabwera nalo silingakhale ndi mphamvu yake yoyamba. Ngati simudzajambula kwa milungu ingapo, cotsani batire m'kamera ndi kulisunga lili ndi moto wa theka, pamalo ouma ndi ozizirira. Kulisunga litatheratu kungaliphe.

Kuchaja kumene magetsi ndi osowa

Vuto la magetsi si la kumudzi kokha. Pa 29 Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika mu Sepitembala 2024 madera ambiri anali kulandira magetsi a ZESCO maola atatu okha pa tsiku. Amene anapyola m'nyengo imeneyo adziwa kuti si nzeru kudalira soketi ya pa khoma yokha.

M11 ili ndi polowetsa cingwe ca USB-C, motero ingachajidwe ndi pawabanki monga foni. Pawabanki ya mAh 10,000 imasunga Wh pafupifupi 37. Moto wina umatayika pochaja, koma wotsalawo ungadzaze batire la M11 pafupifupi kawiri. M10 ilibe polowetsa cingwe cotere: batire limacotsedwa ndi kuikidwa m'chaja yake, imene ingalumikizidwe ku magetsi a m'nyumba kapena, ndi cingwe coyenera, ku mavoliti 12 a galimoto.

Sola nayonso imakwanira, pakuti mabatirewa ndi aang'ono. Kasola ka mawati 20 kangadzaze pawabanki yotere pa tsiku limodzi la dzuwa labwino. Njira yabwino ndiyo kuchaja pawabanki kapena batire la m'nyumba masana, ndi kuchaja kamera usiku kucokera pamenepo, cifukwa moto wocokera ku sola mwacindunji umakwera ndi kutsika mitambo ikamadutsa. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufika Malichi, werengerani kuti kudzaza kungatenge masiku awiri.

Pa mashopu ochajira mafoni ndi jenereta, cenjerani ndi magetsi osakhazikika. Chaja ya foni ikapsa mungapeze ina pa msika uliwonse, koma ya kamera yotere muyenera kuitanitsa kunja kwa dziko. Kunyumba nakonso, magetsi akazima zulani chaja pa khoma, ndipo muilumikizenso patapita kanthawi atabwera.

Za citetezo

Mabatire ochipa ofanizira enieni alipo. Ena amagwira bwino, koma ena amasunga moto wocepa kuposa wolembedwapo, kapena amazimitsa kamera mwadzidzidzi pamene cizindikiro cikuonetsa kuti moto ukalipo. Kamera ikazima pamene ikusunga cithunzi, cithunzico cingaonongeke. Batire lotupa, long'ambika kapena lotentha mosazolowereka lisiyeni pomwepo. Musaliponye pa moto, m'cimbudzi kapena pa dzala pamene ana angalitole. Musaike batire m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobiri, cifukwa citsulo cikakhudza timano take lingayake. Okwera ndeke pa bwalo la Kenneth Kaunda, limenenso lili m'boma la Chongwe, akumbukire kuti mabatire apadera ndi mapawabanki amanyamulidwa m'cikwama ca m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa ndeke.

Pimani kamera yanu

Palibe nambala ya pa bokosi imene ingakuuzeni za batire lanu, pa msinkhu wake, ndi kajambulidwe kanu. Musanapite ku nchito yofunika, dzazani batire, jambulani tsiku limodzi pakhomo monga mumacitira nthawi zonse, ndipo lembani maola amene lakhala. Kenaka yerekezani ndi kutalika kwa mwambo umene mukupitako, ndi kuonjezerapo batire limodzi la padera. Kwa mwini wa M9 kapena M10 amene adzajambula kuyambira m'mawa kufika madzulo, mabatire atatu si ambiri. Kwa mwini wa M11, awiri ndi pawabanki ndi okwanira pa masiku ambiri.

Lembani manambala pa mabatire anu kuti musasokoneze lodzaza ndi lakutha, ndipo sinthani batire pa nthawi ya zolankhula zazitali, ng'oma zisanayambe.