Chilolezo chotseguka: zoyenera kudziwa pa mabuku aulere a ku yunivesite

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, kaya achokera kuno ku Mayani, ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, makolofe timawerengera fizi, malo ogona ndi chakudya. Za mabuku timaiwala, pomwe ambiri ndi ochokera kunja ndipo ndi okwera mtengo. N'chifukwa chake ophunzira amadalira fotokope ndi mabuku otumizirana pa WhatsApp. Tiyeni tione mabuku amene n'kololedwa kugawana chotere, ndi malire ake.

Lamulo la umwini wa zolemba

M'Malawi muno zolemba zimatetezedwa ndi Copyright Act ya 2016, yomwe idalowa m'malo mwa lamulo la 1989. Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira ufulu wa alembi ndi oimba. Buku limakhala ndi mwini wake kuchokera tsiku lomwe lalembedwa, ndipo chitetezocho chimapitirira zaka 50 mlembi atamwalira. Lamulo limalola kutenga mawu ochepa potchula mwini wake, koma kuchulukitsa buku lonse n'kumagulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Kupezeka kwa buku pa intaneti sikuchotsa umwini umenewu.

Shariah nayo idayankhulapo. Mu December 1988, maulama a International Islamic Fiqh Academy atakumana ku Kuwait adagamula kuti umwini wa zolemba ndi wotetezedwa ndipo n'kosaloledwa kuuphwanya. Tidziwenso kuti mawu a Qur'an m'Chiarabu palibe munthu angati ndi ake, koma ntchito yomasulira m'Chichewa kapena m'Chiyao ili ndi amene adaigwira.

Tanthauzo la chilolezo chotseguka

Ichi ndi chilolezo chomwe mlembi amaperekeratu kwa aliyense kuti akope ndi kugawa ntchito yake osachita kudzapempha. Umwini umakhalabe wake. Zilolezo zodziwika kwambiri ndi za bungwe la Creative Commons, lomwe lidayamba mu 2001 ku America n'kutulutsa zilolezo zoyamba mu 2002. Mu 2019 mayiko a mu UNESCO adagwirizana zolimbikitsa zipangizo zophunzirira zotere.

Si zakunja zokha ayi. Aphunzitsi a ku Bunda, komwe lero ndi LUANAR, adakonza buku la luso la kulemba ndi kulankhulana la ophunzira a chaka choyamba, mothandizidwa ndi OER Africa, pogwiritsa ntchito zolemba zotseguka. Kamuzu College of Nursing, yomwe tsopano ili mu KUHeS, nayo idakonza zophunzirira zotere. OpenStax ya ku Rice University ili ndi mabuku a masamu ndi sayansi oti aliyense atenge mwaulere.

Zizindikiro zinayi

Chilolezo chimalembedwa pa tsamba loyambirira la buku kapena m'munsi mwa tsamba la pa intaneti, motsatana ndi malemba a CC. Zilolezozo zilipo 6, ndipo zimapangidwa posakaniza zizindikiro izi.

BY: tchulani dzina la mlembi, komwe mwatenga ndi chilolezo chake, ndipo ngati mwasinthamo nenani.

NC: musachitire malonda. Wophunzira angasindikize buku lakelake, koma kusindikiza ambiri kuti apezepo phindu n'kuphwanya chilolezo.

ND: gawani buku momwe lilili. Kumasulira kumawerengedwa ngati kusintha, choncho buku lotere sitingalimasulire m'Chichewa n'kuligawa ku madrassah popanda kupempha mwini wake.

SA: mukasintha kapena kumasulira, ntchito yanuyo muitulutse ndi chilolezo chomwecho.

Pomwe pamabuka milandu

Choyamba, munthu sangapereke chomwe si chake. Zolemba zomwe mphunzitsi wakonza pa ntchito yake zingathe kukhala za yunivesite, malinga ndi mgwirizano wa ntchito ndi malamulo a sukuluyo. Ayenera kufunsa kaye asanaziike chilolezo chotseguka.

Chachiwiri, m'buku lotseguka mungapezeke chithunzi kapena mapu a munthu wina omwe sali pansi pa chilolezocho. Werengani mawu olembedwa pansi pa chithunzi chilichonse.

Chachitatu, chilolezo cha Creative Commons sichibwezedwa. Wophunzira amene walola kuti kafukufuku wake atuluke chotere angathe kusiya kumugawa, koma sangaletse amene adatenga kale.

Chachinayi, chilolezo sichiloleza kubera. Wophunzira akakopa ndime n'kuipereka ngati yake mu asainimenti, sukulu imulanga ngakhale bukulo likhale laulere.

Malangizo kwa makolo ndi aphunzitsi

Mwana asanawononge ndalama pa fotokope, ayambe wafunsa ku laibulale ya sukulu yake ngati pali buku lotseguka la phunzirolo. Akapanda kuona chizindikiro cha chilolezo pa buku, adziwe kuti ufulu wonse uli ndi mwini wake.

Ife aphunzitsi a madrassah ndi sekondale timalembanso manotsi ambiri omwe amangothera m'kabati. Ngati ndi athuathu, tingathe kulembapo dzina, chaka ndi chilolezo cha CC BY-SA, kuti mnzathu wa ku Makanjira awamasulire m'Chiyao mopanda mantha. Mlembi amene watsegula buku lake watidalira kuti tisunga malire omwe waika. Imeneyo ndi amanah, ndipo Msilamu amasunga lonjezo. Allah ndiye Wodziwa koposa.