Kugwa Chagada si Kugonja

Anyamata oweta mbuzi ku Chitala ali ndi lamulo limodzi pa masewera ogwetsana: amene msana wake wakhudza pansi, wagonja. Mtsinje ukaphwa m'chilimwe, mchenga wake ndiwo bwalo. Awiri amagwirana m'chiuno, wina n'kukola mnzake mwendo, ndipo pakangomveka kuti khu! anzawo amakuwa, nkhani yatha. Lamulo limeneli ndi lomwe limasokoneza munthu wakwathu akayamba kuonera jiu-jitsu pafoni. Wina wagona chagada, mnzake ali pamwamba, koma woyimbira sakuimitsa. Posakhalitsa, wapamwamba uja ndiye akumenya pansi ndi chikhatho kuti amusiye.

Jiu-jitsu ya ku Brazil imeneyi ndi mphukira ya judo. Mitsuyo Maeda, katswiri wa ku Japan, anafika ku Brazil mu 1914 ndipo anaphunzitsa Carlos Gracie. Banja la Gracie linalimbikira kulimbana kwa pansi, ndipo dziko linadzidzimuka mu 1993 pamene Royce Gracie, munthu wochepa thupi, anagonjetsa zimphona pa mpikisano woyamba wa UFC ku Denver.

Mawu oyamba kuwamvetsa ndi guard. Kwathu gadi ndi mlonda wa pageti, ndipo tanthauzo silinapite patali: wogona chagada amaika miyendo yake ngati mlonda pakati pa iye ndi mnzake. Amatha kumuzinga nayo m'chiuno, kumukankha nayo, kapena kumukola nayo khosi. Bola miyendo ili pamalo, wapansiyo akadali pa nkhondo. N'chifukwa chake m'malamulo a bungwe la IBJJF kudutsa miyendo imeneyi kumapatsa mapointi 3, pamene kugwetsa munthu, komwe kwa ife kumathetsa masewera, kumangopatsa 2. Kumugubuduza wapamwamba kuti iwe ukhale pamwamba ndi 2, kumuika bondo pamimba ndi 2, kumukhalira pachifuwa ndi 4, kumukakamira kumsana ngati mwana wobereka, zidendene zitakola ntchafu zake, ndi 4. Zonsezi woyimbira amawerenga pokhapokha wamupana mnzako masekondi 3. Kungodutsapo sikuwerengedwa.

Koma mapointi ndi a anthu amene nthawi yawathera. Chimene aliyense amafuna ndi chakuti mnzake agonje yekha, ndipo apa ndi pamene Chichewa chathu chimafunika kusamala. Pachingerezi amati tap: kumenya kawiri kapena katatu ndi chikhatho pathupi la mnzako kapena pamphasa. Manja akapanidwa, umamenya ndi phazi kapena kunena ndi pakamwa, ndipo ngakhale kukuwa chifukwa cha ululu woyimbira amakutenga ngati wagonja. Ife tikamva kuti "kugonja" timamva manyazi. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo mnyamata amene wanena kuti "ndagonja" kudambo amamuseka mpaka kunyumba. Pamphasa maganizo amenewa amathyola anthu. Mnzako akawongola mkono wako n'kuika chigongono pachiuno pake, pakati pa ululu ndi kuguluka kwa mfundo pamakhala kamphindi kochepa kwambiri. Akakukanyanga pakhosi mwaluso sakhala akutseka mpweya ayi. Amafinya mitsempha ya m'mbali yopititsa magazi ku ubongo, ndipo munthu amakomoka m'masekondi owerengeka asanamve n'komwe kupweteka. Kumenya chikhatho ndi pangano la awiri: ine ndikavomera kuti wandigwira, iwe undisiye pompo. Ndikadafunsidwa, ndikadati tiziti "kuvomera" osati "kugonja", chifukwa wovomera amadzuka ndi mkono wake ndipo mawa abweranso kudzaphunzira.

Wolowa mpikisano amaikidwa m'gulu potengera lamba, zaka ndi kulemera. Malamba a akuluakulu amayambira woyera, kenako wabuluu, wapepo, wabulawuni, mpaka wakuda. Walamba woyera amalimbana mphindi 5, wakuda 10. Palinso kusiyana kwa gi ndi no-gi. Gi ndi jekete lolimba, ndipo kolala ndi mikono yake ndi zogwirira, ngakhalenso zokanyangira. No-gi ndi kabudula ndi malaya othina, kumene thukuta limachititsa munthu kuterera ngati mlamba. Mpikisano wa ADCC, umene unayamba mu 1998 ku Abu Dhabi, ndi wa mtundu umenewu.

Za sikelo, mlimi wa thonje wa ku Salima safuna kuuzidwa: singano ikaima, mkangano watha. Ku IBJJF amakuyeza utavala gi, kutangotsala pang'ono kuti ulowe m'bwalo, ndipo ukapyola malire a gulu lako umachotsedwa osalimbana n'kamodzi komwe. Ena amadzimana madzi kuti apepuke. Pa kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja, kuchita zimenezi ndi kudziika pangozi yeniyeni, ndipo wofika pamphasa ali wouma kukhosi mphamvu zimamuthera mphindi yoyamba. Woyamba kumene angolowa gulu la thupi lomwe ali nalo.

Khomo lapafupi kwa Mmalawi ndi judo, imene ili ndi bungwe lake m'dziko muno. Harriet Bonface anatiimira pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021 m'gulu la makilogalamu 48, ndipo anakumana ndi Gabriela Chibana wa ku Brazil. Mu judo, kugwetsa munthu chagada mwamphamvu ndi ippon, masewera atha, monga momwe zilili pamchenga wa ku Chitala. Wochokera ku judo kupita ku jiu-jitsu ayenera kuzolowetsa thupi kuti likafika pansi lisapume, komanso makutu kuti amve Chipwitikizi cha woyimbira, chomwe abale athu a ku Tete ndi Niassa sangachione chachilendo: akati "combate" yambani, akati "parou" siyanani nthawi yomweyo.