Mkazi Kazitape M'mabuku ndi M'mbiri Yathu

Kukamacha kwa Mphuka, m'boma la Thyolo, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi, amayi amakhala atalowa kale m'mizere, madengu ali kumsana. Kapitawo amayang'ana masamba, kalaliki amayang'ana sikelo, bwana amayang'ana buku la malipiro. Palibe amene amafunsa mayi wothyola tiyi kuti waona zotani panjira, kapena wamva zotani pamene akuluakulu amalankhula chapafupi. Komatu mayiyo ali ndi maso, ali ndi makutu, ndiponso saiwala. Munthu wopeputsidwa amamva zimene wolemekezeka sangamve, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya mabuku a nkhani zopeka amene ngwazi yake ndi mkazi kazitape.

Poyamba zinthu sizinali chomwecho. Pamene Ian Fleming anatulutsa Casino Royale, buku loyamba la James Bond, m'chaka cha 1953, ukazitape wa m'mabuku unali ntchito ya amuna. Mkazi akaonekamo, kawirikawiri ankakhala woti apulumutsidwe, kapena wonyenga amuna ndi kukongola kwake. Chithunzi chotere chinatsalira kwa Mata Hari, mkazi wovina wa ku Holland amene Afalansa anamuombera m'chaka cha 1917 pomuganizira kuti ankatumikira Ajeremani. Koma nkhondo yachiwiri inali itaonetsa kale zosiyana. Noor Inayat Khan anatumizidwa ndi Angelezi ku Paris m'chaka cha 1943 kuti azikatumiza mauthenga achinsinsi pa wailesi. Atagwidwa anakana kuulula anzake, ndipo anaphedwa kundende ya Dachau m'chaka cha 1944.

Olemba anachedwa kutsata choonadi chimenechi. M'chaka cha 1963 Peter O'Donnell anayamba kulemba nkhani ya zithunzi ya Modesty Blaise m'nyuzipepala ya Evening Standard ku London, ndipo buku lake loyamba linatuluka m'chaka cha 1965. Mwini wake anafotokoza kuti maganizowo anawatenga kwa kamtsikana kothawa nkhondo kamene anakumana nako ku Persia m'chaka cha 1942, ali msilikali. Modesty ndi mwana wamasiye amene anadzilera yekha, natsogolera gulu la akuba ku Tangier, kenaka nayamba kuthandiza akazitape a boma la Britain pa kufuna kwake. Mnzake Willie Garvin, mwamuna wodziwa kuponya mipeni, ndiye amamvera malamulo a mkaziyo.

Dorothy Gilman wa ku America anatenga njira ina. Ngwazi yake, Mayi Pollifax, amene anaoneka koyamba m'chaka cha 1966, ndi gogo wamasiye wokonda maluwa, amene atatopa ndi kukhala chabe anapita yekha ku bungwe la CIA kukapempha ntchito. Chida chawo chachikulu n'chakuti palibe woganizira nkhalamba ya chipewa cha maluwa. M'buku la Mrs. Pollifax on Safari gogoyu atumidwa ku Zambia, kumalo osungirako nyama a Kafue, kuti akajambule zithunzi alendo anzawo, pakuti mmodzi mwa iwo ndi chigawenga cholembedwa ntchito yopha anthu. Wina angati izi n'zoseketsa chabe, koma ku Lusaka komweko, kuyambira 1964 mpaka 1967, kunakhala Daphne Park, mkazi amene poyera ankagwira ntchito ya ukazembe wa Britain pamene anali kazitape wa bungwe la MI6. Patapita zaka, Stella Rimington, mkazi woyamba kutsogolera bungwe la MI5 m'chaka cha 1992, nayenso analemba mabuku otere, kuyambira ndi At Risk m'chaka cha 2004.

Kuno kwathu achinyamata ambiri anadziwa nkhani za akazitape kudzera m'timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan inayamba kusindikiza m'chaka cha 1977. Buku limodzi linkayenda m'manja ambiri, kuchokera kusekondale kufika kumudzi pa tchuthi, mpaka chikuto kuthothoka. M'menemo David Maillu wa ku Kenya anapatsa Afirika kazitape wake, Benni Kamba 009, ndipo Valentine Alily wa ku Nigeria analemba Mark of the Cobra. Koma ngwazi zimenezi zinali za amuna. Aubrey Kalitera, amene anadziwika ndi A Taste of Business m'chaka cha 1976, anaonetsa kuti Mmalawi nayenso angathe kulemba nkhani yoimitsa mtima yochitikira kuno komwe.

Tsono m'Malawi liwu lakuti kazitape silinali lamasewera. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linagwira atsogoleri a Nyasaland African Congress potsamira mawu a akazitape ake, onena kuti panali upo wopha Azungu. Bungwe lofufuza la woweruza Devlin silinapeze upo wotero. Mwa ogwidwa chaka chimenecho munali Mayi Rose Chibambo, amene anapita kundende ndi khanda la masiku ochepa.

Dziko litalandira ufulu, makutu obisika sanathe. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loona mabuku ndi mafilimu, limene linaletsa mabuku mazanamazana. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi poyera, kotero kuti Modesty Blaise akanatsika basi pa Thyolo boma ndi zovala zake zantchito, akanagwidwa asanayambe n'komwe kufufuza. M'chaka cha 1975 a Sam Mpasu anatsekeredwa ku Mikuyu zaka ziwiri, osazengedwa mlandu, chifukwa cha buku lawo la nkhani yopeka la Nobody's Friend. Wolemba aliyense anatengapo phunziro, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhani ya kazitape imafuna nduna yachinyengo, chinsinsi cha boma, ndi wapolisi wogulidwa, ndipo zonsezi zinali zoopsa kuziika papepala.

Chikhalirecho zimene sizikanalembedwa zinkachitika. Pa 24 Disembala 1981 Mayi Vera Chirwa, mkazi woyamba m'Malawi kukhala loya, anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa chakumalire a Zambia ndi Malawi, atachokera kunja kumene ankakhala mothawa. Khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe m'chaka cha 1983, koma chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Mayi Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. Chaka chomwecho, pa 14 Juni, Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri, ndipo lamulo la mathalauzi nalo linachotsedwa.

Omvera a m'maboma onse aona tsono kusiyana kwake. Ku London ndi ku America mkazi kazitape anali wosangalatsa owerenga madzulo atatha kudya. Kuno, kwa zaka zoposa 30, funso linali lakuti amene wakhala naye pampando m'basi, kapena amene akuthyola naye tiyi mumzere woyandikana, akanena kwa yani. Wolemba amene angafune ngwazi ya mtundu umenewu sasowa kuibwereka kunja. Akhale pansi ndi agogo a kwa Mphuka amene anathyola tiyi m'zaka zimenezo, awafunse zimene anaona ndi zimene anasankha kusaulula, pakuti kapitawo sanawafunsepo.